Apite dziko liti? Musanagulitse mbuzi, funsani za mapepala ndi za thupi lake

Mwezi wathawu, odwala atatha pamzere, mayi wina wachikulire wochokera chakufupi ndi Ntaja adatsalira pabenchi. Ndimayesa abwerera mankhwala awo a BP monga mwa masiku onse, koma adamasula kansalu, n'kutulutsa foni, n'kundipatsa.

"Adokotala, tandiwerengereni izi. Mwana wanga akuti apite kunja. Amalume ake akuti tigulitse mbuzi zonse ndi njinga yamoto. Inu mudaphunzira, tandiuzani, apite dziko liti?"

Mnyamatayo ndimamudziwa. Ali ndi dipuloma ya za makompyuta, ndipo kwa zaka zinayi amasamalira makina olembera anthu olandira ma ARV m'zipatala zingapo za kuno, pansi pa bungwe lina lomwe si la boma. Ntchitoyo idatha mu 2025, dziko la America litaimitsa thandizo lambiri la zaumoyo. Mufonimo mudali mauthenga atatu: wa mnzake wa ku Cape Town, wa munthu wodzitcha ejenti wolonjeza ntchito ya pakompyuta ku Dubai, ndi chithunzi cha malonda a ntchito ku UK. Pa uthenga uliwonse mnyamatayo adali atalemba chinthu chimodzi pansi pake: malipiro atasinthidwa kukhala makwacha.

Ndidawauza mayiwo kuti dziko sindingawasankhire, komanso kuti chiwerengero cha makwachacho chiyambe chadikira. Chimasintha ndi lendi, msonkho ndi mtengo wa chakudya cha kumeneko. Pali mafunso ena omwe yankho lake likakhala "ayi", malipirowo mwana sawaona n'komwe. Kodi dzikolo livomereza mapepala ake? Kodi limulandira ndi thupi lomwe ali nalo, ndipo akadwala limuthandiza? Kodi ntchito ikamuipira angathe kuisiya n'kubwerera kwawo? Mafunsowa ndi omwe ndikufuna tikambirane lero, makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, chifukwa nkhani zotere zimayambira kwa inu zisadafike kwa ife.

Ulendo wa kunja si wachilendo kuno

Ku Machinga ndi ku Balaka, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu ku Joni. Agogo athu adapita kumigodi kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake idatchedwa TEBA. Mu April 1974, ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu. Njirayo idatsegukanso mu 1977, koma idatsekeratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachirombo ka HIV. Chomwe chidatseka TEBA ndi nkhani ya magazi, ndipo mpaka lero nkhani ya magazi ikutsekabe njira za ana athu m'maiko ena.

Madala ambiri a kumigodi adabwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Fumbi la mwala wa golide limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, matenda otchedwa silicosis, ndipo mapapo otere sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa ma rand 5 biliyoni olipira anthu oterewa kudzera ku Tshiamiso Trust, koma ambiri adamwalira ndalamayo asadaione. Popita, palibe adawafunsa za mapapo.

Opita lero ndi ena. Pakati pa ogwira m'minda ndi m'nyumba za anthu palinso ana omwe mudawalipirira sukulu mpaka kukoleji: oyeza magazi ndi makhololo m'labotale, ojambula ndi makina a X-ray, okonza zipangizo za chipatala omwe amaphunzira ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre, olemba mapulogalamu a kompyuta, oyala netiweki. Zifukwa zawo n'zomveka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ambiri amatha zaka atamaliza maphunziro osalembedwa ntchito. Ineyo sindiuza munthu kuti asapite, ngakhale ndikudziwa zomwe zimachitika wokonza makina akachoka. Pachipatala china chomwe ndidagwirako, makina a GeneXpert oyezera TB adakhala masabata angapo ali chete chifukwa yemwe amadziwa kuwatsitsimutsa adali atapita. Makhololo timatumiza kutali, zotsatira n'kumabwera wodwala atabwerera kale kumudzi.

Pepala lolemera kuno likhoza kupepuka kwina

Ndiyambe ndi ine ndemwe. Nditamaliza maphunziro ku Malawi College of Health Sciences n'kugwira zaka zingapo, nanenso mtima wa kunja udandigwira. Nditafufuza ndidapeza kuti udindo wa clinical officer umadziwika ku Zambia, Tanzania, Kenya ndi Uganda, koma ku UK mulibe kaundula wa dzina limeneli. Munthu yemwe kuno amachita opaleshoni ya amayi oyembekezera usiku pakati, kumeneko saloledwa kulembera munthu ngakhale mankhwala a chifuwa. Anzanga ena adapitabe, n'kukalowa ntchito yosamalira okalamba. Ntchitoyo si yonyozeka, koma si yomwe makolo awo adagulitsira chimanga.

Ntchito za luso la zaumoyo zili ndi alonda m'dziko lililonse. Kuno ndi Medical Council of Malawi. Ku South Africa ndi HPCSA, ndipo musadafike kumeneko, satifiketi yanu imayenera kuyesedwa kaye ndi bungwe la SAQA, komanso unduna wa zaumoyo wa dzikolo uyenera kukuvomerezani. Kwa zaka zambiri mfundo yawo yakhala yosakopa ogwira ntchito zachipatala kuchokera m'maiko osauka, makamaka a m'chigawo cha SADC. Ku UK, oyeza m'labotale ndi ojambula X-ray amalembetsa ku HCPC, komwe dipuloma yokha kawirikawiri siikwanira, ndipo pamayeso a Chingerezi a IELTS amafuna 7.0 popanda gawo lotsika kuposa 6.5. Ambiri amagwa pa gawo lolemba, ngakhale olankhula Chingerezi chakuthwa. Mabungwe onsewa amafunanso kalata yochokera ku khonsolo ya kwanu yotsimikiza kuti mulibe mlandu ndipo mumalipira chiphaso chanu chaka ndi chaka. Mwana yemwe adasiya kulipira chifukwa sali pantchito ayambe wakonza zimenezo.

Pali chinanso chomwe ambiri sachidziwa. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO wa maiko 55 omwe ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, womwe udatuluka mu 2023. Potsatira mndandandawu, malamulo a UK amaletsa zipatala ndi maejenti kubwera kudzakopa anthu kuno. Munthu payekha akhoza kufunsira ntchito mwachindunji, palibe choletsa. Koma wina akamazungulira pa Liwonde kapena pa Balaka n'kumati watumidwa ndi zipatala za ku UK kudzalemba anthu, dziwani kuti mwina akunama, kapena akuphwanya malamulo a dziko lomwe akuti lamutuma.

A makompyuta ali ndi mwayi pang'ono chifukwa alibe khonsolo yowayang'anira ngati ife. Wolemba ntchito amayang'ana zomwe munthu amatha kuchita. Komabe khomo la viza nalo lili ndi msinkhu wake. Kuyambira pa 22 July 2025, UK idakweza muyeso wa viza ya anthu aluso kufika pa ntchito za digiri, ndi malipiro osachepera mapaundi 41,700 pachaka kwa ambiri. Ntchito zochepa za m'munsi mwa digiri zidasiyidwa pa mndandanda wa kanthawi, koma wolowera pamenepo saloledwa kutenga mkazi kapena ana. Tsiku lomwelo adatsekanso njira yolemba osamalira okalamba kuchokera kunja, njira yomwe anthu ambiri aluso amalowera poyembekeza kudzasintha ntchito akafika.

Ku America zinthu zidalimba koposa. Kuyambira pa 20 August 2025, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza adayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo mu September chaka chomwecho boma la dzikolo lidaika ndalama ya madola 100,000 pa pempho latsopano la viza ya H-1B, yomwe akatswiri a makompyuta amalowera. Ndi kampani iti ingalipire ndalama yotere pa mnyamata wa dipuloma wa ku Ntaja?

Dziko la Germany lidayenda njira ina. Kuyambira mu November 2023, katswiri wa makompyuta wopanda digiri akhoza kupeza chilolezo cha EU Blue Card ngati ali ndi umboni woti wagwira ntchitoyo zaka zitatu ndipo wapeza ntchito ya malipiro ofika pa muyeso wawo. Mu June 2024 adayambitsanso chilolezo chotchedwa Chancenkarte, chololeza munthu kukafufuza ntchito kwa chaka chimodzi, bola aonetse kuti ali ndi ndalama zodzisamalira. Vuto ndi chiyankhulo. Pa kompyuta Chingerezi chikhoza kukuyendetsa m'makampani ena, koma wa labotale kapena wa X-ray sangalembetse popanda Chijeremani. Malamulo onsewa amasintha pafupipafupi, choncho mwana awerenge yekha pa tsamba la boma la dzikolo, osati pa uthenga wa pa WhatsApp.

Ayezetse kaye kuno, mwachinsinsi

Gawo ili ndilo la ntchito yanga, ndipo ndi lomwe mabanja amalidumpha.

Maiko a ku Gulf, monga United Arab Emirates komwe kuli Dubai, Saudi Arabia, Qatar, Kuwait ndi Oman, amayeza munthu magazi ndi chifuwa asadamupatse chilolezo chokhalira m'dzikomo. Wopezeka ndi HIV amakanidwa, ndipo ngati wafika kale amabwezedwa kwawo. Zilibe kanthu kuti amamwa mankhwala mokhulupirika ndipo kachirombo sikakuoneka m'magazi. Pa ntchito zina, kuphatikizapo za chipatala, amayezanso matenda a chiwindi a hepatitis B. M'maiko ena a kumeneko, ngakhale zipsera za TB yakale yomwe munthu adachira zimatha kumulepheretsa zikaoneka pa X-ray. Ndipo kuyezaku kumabwerezedwa pokonzanso chilolezo.

Taganizani tsono: banja lagulitsa mbuzi, latenga ngongole ku banki m'khonde, mwina n'katapila yemwe, ejenti walandira zake, mwana wakwera ndege. Pakatha masabata awiri akubwerera, ndalama zonse zapita, ndipo mudzi wonse ukufunsa chifukwa chake. Matenda omwe akadakhala chinsinsi chake asanduka nkhani ya pamjigo. Kuyezetsa HIV ndi TB n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo hepatitis B akhoza kufunsa komwe angayezetse. Munthu achite zimenezi asadapereke tambala kwa aliyense. Kwa inu makolo, pempho langa n'lakuti mumulimbikitse kuyezetsa koma musaumirire kuona zotsatira. Mwana wamkulu akangoti "Dubai ayi, ndiyese kwina", musamupanikize ndi mafunso. Inunso odzipereka, zomwe mukudziwa za munthu chifukwa cha ntchito yanu si zokauza amalume ake, ngakhale atakufunsani mwaulemu chotani.

Kupezeka ndi HIV sikutseka maiko onse. America idachotsa chiletso chake mu January 2010. UK siyeza HIV popereka viza ya ntchito, ndipo ku England mankhwala a HIV ndi aulere kwa aliyense kuyambira mu 2012. Chomwe UK imafuna kwa Mmalawi wokakhala miyezi yoposa isanu ndi umodzi ndi satifiketi yoti alibe TB, yochokera ku chipatala chomwe iwo adachivomereza; X-ray ya pachipatala chathu, ngakhale ioneke bwino bwanji, sailandira, ndipo satifiketiyo imatha mphamvu pakatha miyezi isanu ndi umodzi, choncho musathamangire kuyezetsa ntchito isadapezeke. Canada ndi Australia amayeza HIV kwa ofuna kukhazikika, ndipo ngakhale sakana aliyense wopezeka nako, amawerengera ndalama zomwe boma lawo lidzawononge pomusamalira. Yemwe ali pa mankhwala a TB amalize kaye miyezi yake isanu ndi umodzi; palibe ntchito yoyenera kudukizira mankhwalawa.

Funso lotsatira n'lakuti akadwala adzalipira ndani. Ku UK, wa makompyuta amalipiriratu mapaundi 1,035 pa chaka chilichonse cha viza yake kuti azithandizidwa m'zipatala za NHS, pomwe wolowera pa viza ya ogwira ntchito zaumoyo salipira. Ku Germany inshuwalansi ya zaumoyo n'njokakamiza ndipo imadulidwa kumalipiro. Ku America kawirikawiri imayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha, nayo imatha.

South Africa ndiyo ifuna tikhalepo pang'ono, poti ndi komwe ambiri a kuno amathera. Ubwino wake ngwoonekeratu: basi imafika, abale aliko, nsima iliko, maliro akagwa kumudzi munthu amatha kubwera. Malamulo aakulu a dzikolo amati aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala, ndipo ma ARV omwe amapereka ndi ofanana ndi athu. Koma mu 2025 magulu ena, monga Operation Dudula, adayamba kuima pazipata za zipatala n'kumabweza anthu a maiko ena, mpaka khoti lalikulu ku Johannesburg lidaletsa mchitidwewu mu November chaka chomwecho. Zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019 ambirife tikuzikumbukira; mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Mmalawi amaloledwa kukhala masiku 30 popanda viza, koma masiku amenewa ndi okacheza, si ogwirira ntchito. Katswiri wolowa motere n'kupitiriza masiku sangalembedwe pakampani yolongosoka, ndipo amathera ku ganyu, akuopa apolisi ndi kampu ya Lindela. Njira yoyenera ndi viza ya luso losowa, yomwe imafuna kuti ntchito yake ikhale pa mndandanda wa boma, mapepala adutse ku SAQA, ndipo alembetse ku bungwe la ntchito yake.

Mantha a mapepalawa ndi omwe amatibweretsera odwala. Munthu wopanda pemiti amaopa chipatala, ndiye m'bale wake amamutengera ma ARV kuno n'kuwatumiza ndi a mabasi. Mwezi wina afika, mwezi wina sadafike. Magazi oona kuchuluka kwa kachirombo sayezedwa kwa zaka. Tsiku lina timangoona galimoto itaima pakhomo la chipatala, akutsitsa munthu woonda, mutu ukumuwawa koopsa kapena akutsokomola magazi. Ena timawapulumutsa. Ena amabwera m'bokosi, ndipo ndalama zonse zomwe adatumiza zimathera pa ulendo womalizawu.

Wopita ali pa mankhwala, a HIV, a shuga, a BP kapena a khunyu, abwere atiuze. Sitimuletsa. Timupatsa kalata yosamukira, zotsatira zake zomaliza, ndi mankhwala okwanira poyambira. Atengenso buku lake la kuchipatala. Ndipo aloweze dzina lenileni la mankhwala ake: omwe kuno timati 13A, kunja nambala imeneyi saidziwa; kumeneko anene kuti tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Wa labotale ndi aliyense wogwira magazi afunse za katemera wa hepatitis B, chifukwa katemerayu adalowa m'ndondomeko ya ana kuno mu 2002, ndipo obadwa chisadafike chaka chimenecho sadamulandire kusikelo.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe palibe ejenti angakuuzeni. M'maiko ozizira dzuwa limachepa miyezi yambiri, ndipo khungu lakuda silipanga vitamini D wokwanira. A NHS amalangiza anthu a khungu ngati lathu kumwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse. Mdima wa 4 koloko madzulo ndi kusowa wolankhula naye Chichewa kapena Chiyao zimafooketsa maganizo, ndipo anyamata athu sakonda kunena. Mukamaimba foni musamangofunsa za ndalama. Ku Gulf vuto ndi kutentha kopitirira madigiri 45, koopsa ku impso kwa woyala mawaya panja. Ndipo munthu akakhala nthawi yaitali kopanda malungo, chitetezo chomwe thupi lake lidazolowera m'mbali mwa Shire chimatha. Akabwera kutchuthi amadwala malungo ngati mlendo, ndipo ana obadwira kunja alibiretu chitetezocho. Agone m'neti, amwe mankhwala oteteza, ndipo thupi likatentha atabwerera, auze dokotala wa kumeneko kuti adali kudziko la malungo.

Khomo lotulukira

M'maiko ambiri viza ya ntchito imamangiriridwa kwa bwana mmodzi. Ku UK, bwana akakuchotsa kapena akalandidwa chilolezo, umapatsidwa masiku 60 opezera wina. Ku Gulf kuli dongosolo lotchedwa kafala, lomwe limapatsa bwana mphamvu zambiri pa wantchito; maiko ena alifewetsa, koma kulanda pasipoti kukuchitikabe ngakhale malamulo amaletsa. Amayi a ku Malawi omwe adazunzika m'nyumba za anthu ku Oman, omwe nkhani yawo idaulutsidwa ndi BBC mu 2024, ambiri adalonjezedwa ntchito zina pochoka kuno. Achinyamata 221 omwe adanyamuka mu November 2023 kukagwira m'minda ku Israel adapita boma likudziwa, koma mu May 2024 ena 12 adabwezedwa chifukwa chosiya minda n'kukafuna ntchito zina. Viza ya m'munda ndi ya m'munda, ngakhale munthu akhale ndi digiri ya makompyuta m'chikwama. Maganizo oti "ndingolowa kaye, ndikasintha konko" agwetsa ambiri.

A makompyuta ali ndi msampha wawo wapadera. Zigawenga zimalengeza ntchito zapamwamba ku Thailand, n'kulipira ndege, munthu akafika n'kumuwolotsera ku Myanmar kapena Cambodia, komwe amatsekeredwa mumpanda n'kumakakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Mu 2025 anthu masauzande adatulutsidwa m'malo oterewa ku Myanmar, ndipo pakati pawo padali a ku Kenya, Ethiopia ndi Uganda. Amafuna wodziwa Chingerezi ndi kutayipa msanga, ndendende mwana ngati wa mayi a ku Ntaja aja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Uthenga wa ku Dubai uja nditauwerenga bwino, udali wopanda dzina la kampani, wopanda keyala, wofuna ndalama ya "kulembetsa" pa nambala ya foni ya munthu, ndipo umati viza ya ntchito ikakonzedwa akafika. Kampani yeniyeni imakuyesa kaye ngati ntchito umaitha, imatumiza kontilakiti yoti uwerenge uli kwanu, ndipo viza ya ntchito imatuluka usadanyamuke. Ku UK n'kuphwanya lamulo kulipiritsa munthu kuti umupezere ntchito, ndipo boma lawo limasindikiza mayina a makampani onse ololedwa kulemba anthu a kunja. Kuyang'ana pamenepo n'kwa mphindi zisanu. Kuno, funsani ku ofesi ya zantchito ya paboma ngati ejentiyo akudziwika. Mukakayika kauzeni apolisi. Tili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kugulitsa anthu.

Otsala pakhomo

Dziko lololeza mkazi kapena mwamuna ndi ana kutsatira, kwa ine, limaposa la malipiro okwera lomwe limakana. Banja lotalikirana zaka zisanu tonse tikudziwa mayesero ake, ndipo ife a chipatala timaona zotsatira zake. Awiriwo ayezetse limodzi asadasiyane komanso akakumananso, ndipo wotsala kapena wopita yemwe akuona kuti ali pachiopsezo afunse za mankhwala oteteza ku HIV a PrEP.

Ana osiyidwa kwa agogo ndiwo ndikukupemphani inu odzipereka kuti muwaike m'kaundula wanu ndi cholembera chofiira. Agogo amawakonda, koma tsiku la sikelo limaiwalika, katemera amadumphidwa, ndipo ndalama ya pa Mukuru ikachedwa miyezi iwiri phala limachepa. Miyezi yoyamba wopitayo sakhala ndi chotumiza. Amakhala akulipira lendi ndi ngongole ya ulendo. Banja lomwe lagulitsa ziweto zonse limakhala lopanda pogwira nthawi yomweyo, kawirikawiri m'miyezi ya njala.

Pomaliza ndidawakumbutsa mayi aja kuti kunja si Ulaya yekha. Zambia, Botswana, Kenya ndi Rwanda nakonso kumafunika a luso, mapepala athu amamveka msanga m'maiko ena mwa amenewa, ndipo zaka ziwiri kapena zitatu za kumeneko zimalemeretsa mbiri ya ntchito. Ena amagwirira makampani a kunja ali pa Liwonde pomwepa, ngakhale kuzimazima kwa magetsi ndi mtengo wa intaneti zimawadyera phindu. Ndipo popeza lamulo lathu la unzika lidasinthidwa kuti lilole unzika wa maiko awiri, wokhazikika kwina sayenera kukhala mtchona wotaya kwawo.

Mnyamatayo adabwera yekha patatha masiku anayi. Tidakhala ola lathunthu chitseko chili chotseka, ndipo zomwe tidakambirana n'zake. Zomwe ndingathe kunena n'zakuti nambala ya ejenti adaifufuta, wapempha bungwe lomwe amagwirako kuti limulembere kalata yotsimikiza zaka zake zinayi, ndipo akufufuza mtengo wotumizira mapepala ku SAQA uku akuphunzira Chijeremani pafoni. Mbuzi zidakali m'khola, kupatula imodzi yomwe idapita ku mabando a intaneti.

Mayi ake ndidakumana nawo sabata yatha atabwerera mankhwala. BP yawo idali 150 pa 90, yotsikirapo kusiyana ndi mwezi watha. Akumanga buku lawo m'kansalu adatembenuka.

"Adokotala, nanga ku Germany komwe akunenako, ufa wa mgaiwa umapezeka?"